KODI MTAMBO WOPANDA MVULA NGWACHABE?

Malingaliro a sabata ino
Tiwerenge: Eksodo 16:9-15, Mateyo 16:1-4, Yuda 12



Ife ana a alimi tidaphunzitsidwa kuyang'ana kumwamba tili ndi funso limodzi lokha mumtima: kodi igwa? Mtambo ukada bii chakuvuma, amayi amathamangira kukaanula ufa pamphasa, abambo amayang'ana pamene adakoleka khasu, ndipo ana amatchera ndowa kunsi kwa malata. Koma mtambo ukakhala woyera, wopyapyala, woyandama kutali kumwamba, timaupukusira mutu n'kupitiriza zimene timachita. Ati ngwachabe umenewo, mulibe madzi. Palibe angatidzudzule pa maganizo otere, poti nsima yathu imachokera kumwamba komweko. Amene adaona chimanga chikufota m'munda m'chaka cha 2024, pamene ng'amba idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi, akudziwa kuwawa kwa thambo lokongola koma louma.

Vuto n'lakuti chizolowezi chimenechi tidalowa nacho m'tchalitchi. Timamuyang'ana Mulungu monga momwe timayang'anira mtambo: igwa kapena siigwa? Pamisonkhano ya achinyamata timamva dandaulo limodzimodzi kuchokera m'kamwa mosiyanasiyana. Wina adalemba mayeso a MSCE kawiri, adachita novena, koma dzina lake silidatuluke pamndandanda wa opita ku koleji. Wina satifiketi yake ili m'sutikesi chaka chachitatu tsopano. Wina adapempherera amayi ake odwala usiku ndi usana, mpaka adakawaika m'manda. Mathero ake amafanana: Misa yasiyidwa, kolona wakolekedwa pamsomali, ndipo ena alondola alaliki olonjeza kuti mvula ya madalitso igwa Lachisanu likudzali, bola munthu aponye kangachepe m'mbale.

Sabata ino tikufuna kunena poyera kuti pemphero limene limayesedwa ndi phindu lokha silikhalitsa, ndipo kuti tiyenera kuphunziranso kuyang'ana chinthu chimene sichitiikira kanthu m'manja. Phunziro limeneli tikalitenga kutali, kudziko kumene mitambo yambiri imadutsa osagwetsa ndi dontho lomwe.

PHIRI LA PAKATI PA SAHARA

Kummwera kwa dziko la Algeria, m'kati mwenimweni mwa chipululu cha Sahara, kuli mapiri otchedwa Hoggar. Ndi mapiri a miyala yakuda ndi yofiirira, otsalira a mapiri ophulika moto amene adazima kalekale, ndipo nsonga zake zidangoti njo, zopanda mtengo, zopanda udzu. Mzinda waukulu wa m'deralo ndi Tamanrasset. Akatswiri a zanyengo amatcha dera kuti chipululu ngati mvula yake ya pachaka ikuchepera mamilimita 250. Ku Tamanrasset kawirikawiri siifika ndi mamilimita 100 omwe, pamene Lilongwe pachaka chabwino amalandira pafupifupi mamilimita 800 kapena kuposerapo.

Pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera mumzindawo pali phiri lotchedwa Assekrem, lotalika mamita oposa 2,700. Sapitwa wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, amaliposa pang'ono chabe. Pamwamba pake ndi pathyathyathya, palibe mthunzi, palibe mtsinje, koma pali kanyumba ka miyala kopemphereramo. Alendo amayenda maola angapo pagalimoto mumsewu wa miyala, kenaka n'kukwera wapansi, kuti akaone dzuwa likulowa, ndipo m'mawa mwake akalione likutuluka. Asilamu ndi akhristu, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, amakhala pamiyala atafunda mabulangete chifukwa cha mphepo yozizira, nkhope zitaloza kuzambwe. Potsika satsika ndi kanthu m'thumba. Mlimi wa kwathu atawaona angafunse modabwa kuti: ulendo wonsewu n'kufuna kuona mtambo wopanda mvula?

CHIMENE CHIMACHITIKA KUMWAMBA DZUWA LIKAMALOWA

Tisanayankhe mlimiyo, timvetse kaye chimene anthuwa amakaona. Mitambo ya pamwamba kwambiri, ija imaoneka ngati nthenga za nkhuku yoyera kapena ngati thonje lomwazidwa ndi mphepo, imakhala pamtunda wa mamita oposa 6,000, ndipo m'maiko otentha imakwera kuposa apo. M'chaka cha 1803 Mngelezi wina dzina lake Luke Howard adafalitsa maina a Chilatini a mitundu ya mitambo, amene akugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo iyi adaitcha cirrus, kutanthauza tsitsi lopotana. Kumwamba koteroko kumazizira zedi, motero m'mitamboyi simukhala madontho a madzi ayi, mumakhala tizidutswa ting'onoting'ono ta madzi oundana. Tizidutswati timagwa ndithu, koma timasanduka nthunzi tikadali kutali ndi nthaka.

M'chipululu ngakhale mitambo ya m'munsipo imachita zofanana. Munthu amaona michira yotuwa ikulendewera kunsi kwa mtambo, mvula yeniyeni ikutsika, koma mpweya wouma umaimwa yonse ili m'njira. Dzina lake ndi virga, liwu la Chilatini lotanthauza kandodo. Taganizirani mbusa wa mbuzi ataima panthaka youma gwa, mvula akuiona ndi maso ake, koma nkhope yake osanyowa.

Nanga kufiira kwa madzulo kumachokera kuti? Kuwala kwa dzuwa, kumene ife timakuona ngati koyera, kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza m'kati mwake. Kukamadutsa mumpweya, mtundu wa buluu umamwazikira msanga mbali zonse, n'chifukwa chake thambo la masana limaoneka labuluu. Wofiira ndi wachikasu umapitirira osamwazika kwambiri. Katswiri wa ku Britain, Lord Rayleigh, ndiye adalongosola zimenezi m'chaka cha 1871. Dzuwa likakhala paliwombo, kuwala kwake kumadutsa mpweya wochepa. Likatsala pang'ono kulowa, kuwalako kumayenda chopingasa, n'kudutsa mpweya wochuluka kuwirikiza koposa ka 30. Pofika kwa ife, buluu watsala m'njira, chimene chafika ndi kufiira, chikasu ndi mtundu wa lalanje lakupsa.

Koma kuwala kotsalako kumafuna poti kugwere kuti kuoneke bwino. Thambo likakhala lopanda mtambo ndi umodzi womwe, dzuwa limalowa popanda zambiri zoti munthu n'kusimba. Likadzaza ndi mitambo yakuda ya mvula, dzuwa limaphimbika ndipo mdima umangofika. Pakakhala mitambo yopyapyala ya pamwamba ija, imasanduka ngati nsalu yoyera yoyanikidwa pachingwe, ndipo kuwala kumainyika m'mitundu yake yonse. Chinanso, popeza ili pamwamba, imaliona dzuwa kwa mphindi zingapo ife a pansi litatithawa kale. Chigwa chili mumdima, koma kumwamba kukuyaka psuu.

Kuuma kwa mpweya nako kumathandiza. Chinyezi, utsi ndi fumbi lochuluka pafupi ndi nthaka zimazimiritsa mitundu. N'chifukwa chake kwathu kuno mu Okutobala, tchire likamapsa, dzuwa limalowa ngati mpira wofiira m'thambo lotuwa. Pamwamba pa phiri la m'chipululu, tsiku lopanda mphepo ya mchenga, mpweya umakhala wouma ndi woyera, ndipo mitundu imafika m'maso ili yowala kwambiri. Kuuma komwe kuja kumene kumamwa mvula isanafike pansi, ndiko kumakometsa madzulo. Mfundo imeneyi tiisunge, tiibwereranso.

MUNTHU AMENE ADAKHALA M'KANYUMBAKO

Kanyumba ka pa Assekrem kadamangidwira wansembe wa ku France, Charles de Foucauld. Iyeyu adabadwira ku Strasbourg m'chaka cha 1858, ndipo makolo ake onse awiri adamwalira asanakwanitse zaka 6. Adataya chikhulupiriro ali mnyamata, adalowa usilikali, namwaza chuma chimene agogo ake adamusiyira pa madyaidya ndi zosangalatsa. M'zaka za 1883 ndi 1884 adayendera dziko la Morocco atadzibisa ngati Myuda, ndipo kumeneko kuona Asilamu akugwada pansi kupembedza Mulungu kudamulasa mtima. Mu Okutobala 1886 adalowa m'tchalitchi cha Saint-Augustin ku Paris kukapempha Bambo Henri Huvelin kuti amuphunzitse za chipembedzo. Iwo adamuuza kuti agwade, alape. Pambuyo pake adakhala mmonke wa chipani cha Trappist zaka 7, kenaka wantchito wamba wa masisitere a Klara Woyera ku Nazareti, mpaka adadzozedwa unsembe m'chaka cha 1901 ali ndi zaka 42. Chaka chomwecho adapita ku Béni Abbès m'chipululu cha Sahara, ndipo m'chaka cha 1905 adakakhazikika ku Tamanrasset, kumene panthawiyo kudali timisasa pafupifupi 20 chabe ta anthu a mtundu wa Tuareg, amene ndi Asilamu.

Tiyese tsono moyo wake ndi muyeso wathu uja wa mvula. Adakhala pakati pa a Tuareg zaka 11, koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwo amene adabatizidwa. Adalemba malamulo a chipani chatsopano cha abale, koma palibe adabwera kudzakhalitsa naye. Pa Khirisimasi ya 1907 sadathe kuchita Misa, chifukwa malamulo a nthawi imeneyo sankalola wansembe kupereka nsembe popanda womutumikira, ndipo chilolezo chochita Misa yekha chidamupeza mu Januwale 1908. Ku Assekrem adakwerako poyembekeza kuti azikumana ndi abusa oyendayenda ndi ziweto zawo, koma adakhalako miyezi yowerengeka m'chaka cha 1911, n'kutsikanso. Pa 1 Disembala 1916 gulu la achifwamba lidamugwira pakhomo pake ku Tamanrasset, ndipo mnyamata wa zaka pafupifupi 15 amene adauzidwa kuti amulondere adachita mantha n'kumuwombera. Lipoti lotere litafika patebulo la bungwe la parishi lero, tikadati ntchito yalephereka, titseke.

Komabe munthuyu sadali wosweka mtima. M'makalata amene ankalembera abale ake ali paphiripo, adasimba za kukongola kwa nsonga za mapiri zimene ankaziona ali pakhomo, ndi momwe zinkakwezera mtima wake kwa Mlengi. Tsiku lake linkathera pa zinthu zitatu: maola aatali a pemphero, maola aatali akulemba mawu ndi ndakatulo za chinenero cha a Tuareg, ndi khomo lotsekukira aliyense wobwera. Mtanthauziramawu wake wa chinenerocho adasindikizidwa m'mabuku anayi m'zaka za 1951 ndi 1952, ndipo akatswiri akuugwiritsabe ntchito. Sitibisa kuti adali mwana wa nthawi ya atsamunda ndi bwenzi la akuluakulu a asilikali a France, ndipo ena amamudzudzula pa zimenezo. Oyera a Mulungu adayenda m'fumbi la nthawi yawo monga ife tikuyendera m'fumbi la nthawi yathu.

Zimene zidatsatira n'zodziwika. M'chaka cha 1933 Bambo René Voillaume adayambitsa chipani cha Abale Aang'ono a Yezu, ndipo m'chaka cha 1939 Magdeleine Hutin adayambitsa cha Alongo Aang'ono a Yezu, onse potsata mapazi ake. Mpingo udamutcha Wodala pa 13 Novembala 2005, ndipo malemu Papa Francis adamulengeza kuti ndi Woyera pa 15 Meyi 2022. Koma apa tichenjere. Tikathamangira kunena kuti onani, mvula idagwa pamapeto pake, ndiye kuti tabwerera ku muyeso wathu wakale uja. Iye sadazione zimenezi, ndipo palibe adamulonjeza. Madzulo a tsiku lotsiriza la Novembala 1916, wopanda wophunzira, wopanda wobatizidwa pakati pa a Tuareg, moyo wake udali kale wamphumphu pamaso pa Mulungu, chifukwa adali atayang'ana kwa Ambuye ndi kukonda anthu amene adamuzungulira.

NANGA MALEMBO SADZUDZULA MITAMBO YOPANDA MADZI?

Wina wodziwa Malembo atiimitsa pano. Kodi si Yuda Woyera amene adafanizira aphunzitsi onyenga ndi mitambo yopanda madzi, yongotengeka ndi mphepo? Kodi buku la Miyambo, mutu 25 ndime 14, silifanizira munthu wodzitama ndi mphatso imene sapereka ndi mitambo yopanda mvula? N'zoonadi, ndipo funsoli n'loyenera. Koma tionetsetse mtambo umene ukudzudzulidwa. Ndi mtambo wolonjeza, uja umada, umagunda, mlimi n'kubzala mbewu yake yotsiriza, kenaka mphepo n'kuukankhira kwina. Mlandu wake ndi bodza. Mtambo wopyapyala wa pamwamba sudanamizepo munthu. Mwana wamng'ono yemwe akauona amadziwa kuti mulibe mvula. Umangokhala chimene uli, ndipo dzuwa likaufikira umawala.

Tsono mawu a Yuda akugwera ena. Akugwera iwo amene amagulitsa malonjezo a ntchito, a banja ndi a ulendo wa kunja m'dzina la Mulungu, n'kutchula tsiku ndi ola. Akugweranso ife tikalonjeza pa Mphakati kuti tikafolera nyumba ya agogo osowa owathandiza, dzinja n'kufika denga likadali chomwecho. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukongola konyenga kulipo ndithu, ndipo mkhristu ayenera kukuzindikira. Koma kuopa mkuyu wa nyerere kusatichititse kutseka maso pa chokongola chilichonse chimene sichilowa mumphika.

Mu Uthenga wa Mateyo, Afarisi ndi Asaduki adapempha Ambuye Yezu kuti awaonetse chizindikiro chochokera kumwamba. Iye adawakumbutsa kuti iwo amadziwa kuwerenga thambo: likafiira madzulo amati mawa kucha bwino, likafiira m'mawa amati kuchita mkuntho, koma zizindikiro za nthawi zimawakanika. Anthuwa ankaliyang'ana thambo lofiira tsiku ndi tsiku, koma ankaliyang'ana pofuna kudziwa za mawa chabe. Mwini thambo adaima pamaso pawo, iwo n'kumamupemphabe chizindikiro. Kodi si momwe ife timachitira tikagwada pamaso pa Ukaristia, maso ali pa zimene tipeze sabata ya mawa?

WANJALA SADYA KULOWA KWA DZUWA

Pali funso lina lolemera kuposa loyambalo, ndipo sitilizemba. Wina anganene kuti nkhani ya kuyang'ana mitambo ndi ya anthu okhuta, ya alendo okhala ndi ndalama zokwerera galimoto kupita ku Assekrem. Mnyamata amene sadadye kuyambira dzulo timuuze bwanji kuti ayang'ane kuzambwe? Wonena zimenezi sakulakwa. Yakobo Woyera, m'kalata yake mutu 2, adadzudzula kale munthu amene amatsazika mbale wake wausiwa ndi wanjala ndi mawu okoma osamupatsa kanthu. Tikagwiritsa ntchito kukongola kwa thambo potseka pakamwa anthu anjala, tasanduka ife mitambo ija ya Yuda.

Koma taonani chimene chidachitika m'chipululu china, m'buku la Eksodo mutu 16. Aisraele adali ndi njala ndipo ankadandaula, akulakalaka miphika ya nyama ya ku Ejipito. Mulungu adamva kudandaula kwawo ndipo adalonjeza chakudya. Chakudyacho chisanafike, Aroni ali kulankhula, anthu adatembenukira kuchipululu, naona ulemerero wa Chauta mumtambo. Madzulo ake zinziri zidadzaza pamisasa, ndipo m'mawa mwake mana adali mbwee panthaka. Mulungu adawapatsa zonse ziwiri, ndipo choyamba chidali choona ndi maso. Ankafuna kuti anthu ake adziwe Wopatsa asanagwire chopatsidwa, kuti tsiku limene mana adzawakole asadzamuiwale, ndi kuti tsiku limene madzi adzasowe asadzanene kuti Mulungu kulibe. Mtambo umenewo adauona ndi anthu anjala, osati okhuta.

Moyo wa Charles Woyera ukuchitira umboni womwewo. M'chaka cha 1907 chilala chidagwa ku Hoggar, ndipo iye adagawira anthu chakudya chimene adasunga mpaka chidatha. Kumayambiriro kwa 1908 adadwala kwakayakaya. Amene adamupulumutsa ndi a Tuareg omwewo, amphawi, Asilamu, amene adayendayenda kufunafuna mbuzi zokhala ndi timkaka pang'ono m'nyengo ya chilala, n'kumamubweretsera. Munthu amene ankatha maola akuyang'ana kwa Mulungu ndi yemweyo adakhuthula nkhokwe yake, ndipo ndi yemweyo adaphunzira kulandira kwa osauka. Maso ozolowera kuyang'ana popanda kufunsa phindu ndiwo amathanso kuona mnzawo wopanda phindu: wodwala misala wa pamsika, nkhalamba yopanda mdzukulu, mtsikana amene adabwerera kusukulu ndi pathupi anzake n'kumuthawa. M'kalata yake ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, Papa Francis adachenjeza kuti munthu amene sadaphunzire kuima n'kuyamikira chinthu chokongola, n'chapafupi kuti atenge chilichonse ngati chongogwiritsa ntchito n'kutaya. Tikuziona zimenezi pamapiri athu ometedwa mpala, ndipo tikuzionanso m'zibwenzi zimene zimatha tsiku limene ndalama zatha.

PAMENE PEMPHERO LAUMA

Tibwerere ku mfundo imene tidasunga ija, yakuti kuuma kumene kumamwa mvula ndiko kumakometsa madzulo. M'moyo wa mkhristu aliyense imafika nyengo imene pemphero limauma. Mawu amatuluka koma mtima sumva kanthu, ndipo chimene tapempha timachiona chikulendewera kumwamba ngati mvula ya m'chipululu ija, osafika pansi. Aphunzitsi a moyo wauzimu adaidziwa nyengo imeneyi kalekale. Makalata a Teresa Woyera wa ku Calcutta, amene adafalitsidwa m'chaka cha 2007, adaonetsa kuti mayi ameneyu adakhala zaka zambirimbiri mumdima wotere uku akutola odwala m'misewu. Kuuma kwa pemphero si umboni wakuti Mulungu wachoka. Nthawi zambiri ndi pamene utsi wa zofuna zathu umachepa, n'kuyamba kuoneka kuti kodi timafuna Mulungu kapena timafuna katundu wake.

Sitikunena kuti tileke kupempha. Ambuye mwini adatiphunzitsa kupempha chakudya chathu cha lero, ndipo Eliya paphiri la Karimeli adatuma mnyamata wake kasanu n'kawiri kukayang'ana kunyanja, mpaka adaona kamtambo konga dzanja la munthu. Tipemphe mvula, tipemphe ntchito, tipemphe machiritso, ndipo tilembe makalata ofunsira ntchitowo osatopa. Chimene tikukana ndi chikhristu chimene chili ndi mwendo umodzi wokha wa kupempha. Chotere chimagwa tsiku loyamba limene yankho lachedwa. Pafunika mwendo wachiwiri, wa kupembedza ndi kuyamika, umene umaima ngakhale thambo litauma.

TICHITENJI SABATA INO?

Ambiri mwa ife sitidzaponda pa Assekrem, ndipo palibe chifukwa chodandaulira. Dzuwa limalowanso kuseri kwa tchalitchi chathu, ndipo mitambo yopyapyala ija imadutsanso pamwamba pa midzi yathu. Buku la Genesis, mutu 24 ndime 63, limasimba kuti Isaki adatuluka kupita kuthengo chakumadzulo, ali kudziko louma la Negebu. Mpingo nawo kuyambira kale udapatula nthawi ya kachisisira kuti ikhale ya mapemphero a madzulo. Sitikuyambitsa chachilendo ayi.

Pempho lathu ndi ili. Aliyense asankhe tsiku limodzi sabata ino. Dzuwa likatsala pang'ono kulowa, atuluke panja, foni aisiye m'nyumba, ayang'ane kuzambwe kwa mphindi 15. Asajambule chithunzi choti akaonetse anzake pa WhatsApp, pakuti kutero n'kufunanso phindu mwa njira ina. Asapemphe kanthu pamphindi zimenezo. Aone mitambo ili pamwamba ndi ili m'munsi, aone umene ukuyamba kufiira ndi umene ukutsiriza kuzima, ndipo athokoze Mwini wake. Mphindi zisanu zoyamba zidzakhala zovuta, maganizo adzathamangira ku ngongole ndi ku mayeso. Akhalebe pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukada, apemphere pemphero la Mngelo wa Ambuye, kenaka alowe m'nyumba. Ndipo sabata isanathe, apite kukaona munthu mmodzi amene sangamubwezere kanthu, atatenga kambale ka ufa ngati ali nako, kapena manja ake okha okatunga madzi ndi kusesa pabwalo.

Kwa iwe mnzathu amene udasiya Misa chifukwa yankho silidabwere, sitikulonjeza kuti ukabwerera Lamulungu likudzali ntchito ipezeka Lolemba. Tikadatero tikadakhala tikukunamiza. Chimene tikudziwa n'chakuti malo ako pabenchi akadalipo, ndipo Amene udamusiya sadasunthe.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. Kodi ndi liti pamene tidapemphera komaliza popanda kupempha kanthu?
2. Kodi m'gulu lathu tidalonjeza chiyani kwa osauka chimene sitidachite?
3. Kodi timawalandira bwanji anzathu amene adakhumudwa ndi pemphero losayankhidwa?

TIPEMPHERE

Atate, Inu amene mudayala thambo pamwamba pa minda ndi pamwamba pa zipululu, tipatseni mvula panyengo yake ndi chakudya cha tsiku lililonse. Pamene yankho lanu lachedwa, tigwireni kuti tisachoke pamaso panu. Tsekulani maso athu kuti tione ulemerero wanu m'zimene mudalenga, ndi nkhope ya Mwana wanu mwa anzathu osowa. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Charles de Foucauld Woyera, mutipempherere ife.